Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Mlandu wa Wi-Fi ku Area 25

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe abwana anatiuza kuti tizigwirira ntchito kunyumba. Sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 March 2020, ndiye ana ankaswera pakhomo. Alamu anga, omwe amajambula maukwati ndi zinkhoswe, anali atasamukira m'chipinda chathu cha alendo poti zochitika zinachepa. Tonsefe tinkadalira karauta kamodzi ka 4G kokhala pawindo.

Pa Zoom anzanga ankangoti "simukumveka, tabwerezani". Mayi akunyumba ankaloza chala ana ndi makatuni awo a pa YouTube, tabuleti n'kulandidwa mlandu usanazengedwe. Koma vuto silinkatha. Pa Speedtest, poyezera liwiro la intaneti, kutsitsa kunkafika 8 Mbps, kukweza 2 Mbps basi, ndipo ping, yomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera, inkalumpha kuchoka pa mamilisekondi 60 kukapitirira 900 alamu akangoyamba kutumiza mavidiyo a makasitomala pa Google Drive. Apa ndi pomwe panagona nkhani. Njira yokwezera ndi yopapatiza. Fayilo yaikulu ikaidzaza, mawu anga amaima kumbuyo kwake ngati galimoto pamzere wa mafuta, n'kukafika kwa abwana nkhani itapita kale. Zoom siidya zambiri, anthu awiri pa vidiyo ya 720p imawakwanira 1.2 Mbps, koma kuchedwa ndiye siipirira.

Karauta ka 4G kaja kanalibe poikira malire a liwiro la aliyense. Ndinagula rauta ina, TP-Link TL-WR840N, kuilumikiza ndi chingwe, n'kuzimitsa Wi-Fi yakaleyo kuti aliyense azidzera pa yatsopano. Ndinayamba ndi Address Reservation, kuti laputopu iliyonse ikhale ndi IP (nambala yoizindikirira pa rauta) yosasintha, apo ayi mawa lamulo lochepetsa liwiro la alamu likagwera tabuleti ya ana. Kenako pa Bandwidth Control, pogawira liwiro, ndinalemba 1700 Kbps (1.7 Mbps) pa Egress, komwe ndi kukweza, ndi 7000 pa Ingress, komwe ndi kutsitsa. Manambalawa ndinawachepetsa dala. Ukalemba liwiro lonse, mzere umakaunjikana kunja, komwe rauta yako ilibe mawu. Ndipo 4G njosadalirika, madzulo imafooka, choncho muziyeza nthawi imene mumaigwiritsa ntchito, osati pakati pa usiku. Pa kukweza, laputopu yanga ndinaisungira 1200, ya alamu ndinaiikira malire a 500.

Zoom inawongokeratu. Chovuta chinali patebulo, pa nsima.

"Alamu, mwanditsekera mpopi?" anafunsa akuseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso.

"Ayi alamu, ndangochepetsa pang'ono."

Anatulutsa foni n'kuyamba masamu. Vidiyo ya 4 GB pa 500 Kbps imatenga maola pafupifupi 18, pomwe pa 1700 ndi maola 5 ndi mphindi zochepa. Kasitomala anali akuimba kale, ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe ankatithandiza nayo pogula bandulo. Mlongo wawo anangoyang'ana m'mbale, kusiya amuna awiri tithane tokha.

Tinapangana kuti ndikaweruka 5 koloko ndizichotsa lamulo lawo, m'mawa n'kulibwezera, poti pa Bandwidth Control ya rauta imeneyi palibe poika nthawi. Mavidiyo anayamba kupita usiku, magetsi akalola. Ana anabwezeredwa tabuleti yawo, ndipo wamkuluyo mpaka lero amakumbutsa mayi ake kuti anamulanga ulele.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za batire ndi inveta, komanso mmene alamu anapezera nyumba ku Area 49.