Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: M'hema la Odwala Kolera

Monga ndinafotokozera m'gawo lapitali, chaka cha 2022 chinandipeza ndikugwira ntchito ya unamwino pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja. Kolera inabuka mu Marichi chaka chimenecho ku Machinga, namondwe Ana atangowononga zimbudzi ndi zitsime za anthu ambiri, ndipo pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ankalengeza pa 5 Disembala kuti mliriwo wafika pa ngozi, ife tinali titazolowera kale hema la odwala, mabedi obooka pakati okhala ndi ndowa kunsi kwake, ndiponso fungo la klorini limene silinkachoka m'manja.

Chimene chinkandivuta kuposa kutopa chinali funso la amayi odikirira ana awo. Ambiri ankati, "A nesi, ndikam'mwetsa Thanzi zonse zikungotulukira kumusi, kodi sindikuwonjezera matendawa?" Yankho loti madziwo amathandiza ndinali nalo, koma silinkawafika pamtima, choncho ndinabwerera ku mabuku anga akusukulu kuti ndimvetse bwino chimene chimachitika m'mimba mwa mwana wotere.

Bakiteriya wa kolera, Vibrio cholerae, saboola matumbo ndiponso kawirikawiri salowa m'magazi. Amakhazikika pakhoma la matumbo aang'ono n'kumatulutsa poizoni, amene dokotala wa ku Kolkata ku India, Sambhu Nath De, anasonyeza mu 1959 kuti ndiye amatsegula m'mimba. Poizoniyo ali ndi zigawo zisanu zimene zimakakamira pa kachinthu kotchedwa GM1 kamene kali kunja kwa selo (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga khoma la matumbo ndi thupi lonse), ndi chigawo chimodzi chimene chimalowa m'kati. Mu selo iliyonse muli puloteni yotchedwa Gs, imene ntchito yake ndi kulandira uthenga wochokera kunja, kudzutsa kwa kanthawi puloteni ina yotchedwa adenylate cyclase, imene imapanga cAMP, mankhwala onyamula uthenga m'kati mwa selo, kenako n'kudzizimitsa yokha. Poizoni amaisintha puloteniyi kuti isathenso kuzima. Zikatero cAMP imachuluka mopitirira muyezo, kakhomo ka pakhoma la selo kotchedwa CFTR kamakhala kotseguka, kulorayidi (chigawo chimodzi cha mchere) amatsanulikira m'matumbo, ndipo sodiyamu (chigawo china cha mchere) ndi madzi zimam'tsatira, ngati mpopi umene wakana kutsekeka. Munthu wamkulu wodwala kwambiri angathe kutaya lita imodzi pa ola. Ndinaona ndi maso anga anthu amphamvu, asodzi ozolowera nkhafi, atafika maso atalowa m'kati, mawu atasasa, khungu la pamimba likukhala chitsinire ukalitsina.

Mfundo imene inandilimbitsa mtima ndi yakuti maselo amenewa amakhala amoyo, chimene chasokonezeka ndi uthenga wa m'kati mwake. Pakhoma lomwelo pali njira ina, SGLT1, imene imalowetsa sodiyamu m'thupi pokhapokha atabwera pamodzi ndi shuga wa gulukosi, madzi n'kumatsatira, ndipo poizoni wa kolera saitseka. Wasayansi Robert Crane anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1960, ndipo mu 1971 dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, atasowa madiripi okwanira pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anawamwetsa madzi a mchere ndi shuga, imfa n'kutsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 kufika pa ochepera 4 mwa odwala 100 alionse. Ndimakhulupirira kuti namwino aliyense ayenera kuphunzitsidwa zimenezi mozama, chifukwa munthu amene akudziwa chifukwa chake salankhula mokayika pamaso pa kholo lamantha.

Kuyambira pamenepo ndinkawayankha kuti, "Mayi, matumbo a mwanayu akutaya madzi pa khomo lina, koma khomo lina likulandirabe, ndipo limatseguka shuga ndi mchere zikafika limodzi. Musasiye kum'mwetsa." Ndinkakhala nawo pansi, n'kusungunula paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, n'kuwasonyeza kumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono, ndi kudikira mphindi 10 mwana akasanza asanayambirenso. Okomoka kapena olephereratu kumwa tinkawaika diripi ya madzi a mchere otchedwa Ringer's lactate mosachedwa, ndipo akangotsitsimuka tinkawabwezera ku kapu.

Mliriwo unagwira anthu opitirira 58,000 m'dziko muno ndipo opitirira 1,700 anamwalira. Pa amene tinataya m'hema lathu, ambiri anafika mochedwa, atayenda mtunda wautali osamwa kanthu m'njira. N'chifukwa chake mu Febuluwale 2023, kampeni ya Tithetse Kolera itakhazikitsidwa, ndinapempha kuti ndizipita kumidzi pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, ndipo za maulendo amenewo ndidzalemba m'gawo lotsatira.