Sabata imodzi ku Biarritz ndi gogo

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku England. Gogo amene ndimawasamalira ali ndi zaka 87, amadwala shuga, ndipo miyendo inasiya kuwamvera moti amayendera chikuku. Mu June ana awo anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Biarritz, mzinda wa anthu olemera m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kumwera chakumadzulo kwa France, m'dera la anthu a mtundu wa Basque. Kumeneko n'kumene gogo ndi malemu amuna awo anakacheza atangokwatirana.

Tinanyamuka Lolemba. Insulin, mankhwala awo a shuga, ndinaika m'kachikwama kozizira, kalata ya dokotala ili m'thumba, ndipo sindinalole kuti mankhwala apite ndi masutikesi.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti mzindawu unamangidwa pazitunda ndi pamatanthwe. Ukamapita kugombe la Grande Plage umatsetsereka, pobwerera n'chikweza. Pamalo potsetsereka kwambiri ndinkatembenuza chikuku n'kumatsika cham'mbuyo, kuti gogo asagwere kutsogolo. Pofika Lachiwiri madzulo mapewa anali atauma gwa.

Tsiku lomwelo tinakamwa tiyi ku Hôtel du Palais, chinyumba chofiirira choyang'ana kunyanja. Gogo anandifotokozera kuti pamalopo Napoleon III, mfumu ya France, anamangira nyumba mkazi wake Eugénie cha m'ma 1855, ndipo olemera a ku Ulaya anayamba kukhamukirako. Mu 1908 Mfumu Edward VII ya ku Britain inaitanira wandale wina, Asquith, kuhoteloyi kudzamupatsa udindo wa nduna yaikulu ya Britain. Mayi amene m'mawa amaiwala ngati amwa mankhwala anazikumbukira zonsezi bwinobwino.

Lachitatu kumsika wa Les Halles anaumirira keke ya kumeneko, gâteau basque, yokhala ndi jamu wa matcheri akuda m'kati. Kuwakaniza ndinaona kuti n'nkhanza. Ndinawapatsa kachidutswa, masana n'kuchepetsako buledi, kenako n'kuwayeza shuga kawiri. Zinayenda bwino. Lachinayi kunagwa mvula, tinachapa ndi kupuma.

Koma ulendo wonsewu gogo ankafuna malo amodzi: Rocher de la Vierge, thanthwe la m'nyanja lokhala ndi chiboliboli choyera cha Mariya pamwamba, lomwe amalifikira podutsa pamlatho wachitsulo. Mafunde akakwiya mlathowo amautseka, ndipo tinabwezedwako kamodzi. Usiku umenewo gogo anakana kudya. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwasisita dzanja mpaka anagona.

Lachisanu nyanja inadekha. Ndinawaveka juzi ndi mpango chifukwa mphepo ya kumeneko imalasa ngakhale dzuwa likuwala. Matayala a chikuku ankagunda m'matabwa a mlathowo, madzi akuchita thovu pansi pathu. Titafika kumapeto anandigwira mkono.

"Mwana wanga, undiimiritse."

Kuntchito amatiphunzitsa kuti pamalo onyowa munthu wotere usamuimiritse uli wekha. Ndinayang'ana pansi, panali pouma. Ndinamanga mabuleki onse awiri, ndinawamanga lamba wonyamulira m'chiuno, mawondo anga n'kutsamiza kwa awo.

"Gogo, gwirani chitsulochi ndi manja onse. Ine ndili pompano."

Anaima pafupifupi mphindi imodzi, akuyang'ana chakumpoto kumene kuli nsanja yoyera younikira sitima. Anatchula dzina la amuna awo kawiri, motsitsa mawu. Kenako miyendo inayamba kunjenjemera, ndinawakhazika pansi n'kuwafunditsa bulangete m'mawondo.