Sabata ya ku Scopwick

Lolemba tinanyamuka ku Lincoln kusanache bwino, zida zonse zili m'galimoto. Kampani yathu ndi yaing'ono, imatchetcha udzu ndi kusadza mipanda ya mitengo m'manda a matchalitchi a m'midzi ya ku Lincolnshire, ku England. Sabata imeneyi inali ya ku Scopwick, kamudzi kamene kamtsinje kamadutsa pakati pake, ndipo tinkathamangira kuti pofika pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira asilikali, malo akhale oyera.

Kumapeto kwa manda a mudziwo kuli chigawo cha anyamata a ndege amene anafa pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ziliza zake n'zopitirira 50, zoyera mbee, zandondozana ngati ana a sukulu pa asembule. Ambiri ndi a ku Canada, chifukwa bwalo la ndege la Digby, lomwe lili chapafupi, munadzaza asilikali a kumeneko. Palinso asanu a ku Germany. Adani agona limodzi, udzu wake umodzimodzi, ndipo ine ndimautchetcha mofanana.

Miyalayo si yathu. Mwini wake ndi Commonwealth War Graves Commission, bungwe lomwe Fabian Ware anayambitsa mu 1917, ndipo limasamala maina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse, m'maiko oposa 150. N'chifukwa chake kapitawo wathu amabwereza mawu amodzimodzi m'mawa uliwonse: makina asakhudze mwala. Mwala wa Portland, wa laimu wa ku England kuno, ndi wofewa, chingwe cha makina otchetchera chikangoukwapula chimasiya chipsera chosafufutika. Ndiye pafupi ndi chiliza timagwada n'kumadula ndi sizasi ya m'munda, kamodzikamodzi.

Lachiwiri kunagwa mvula yamawawa tsiku lonse. Tinangowola masamba n'kumatuta pa wilibala, zala zitachita dzanzi.

Tsiku limene ndinayang'anitsitsa miyala ndi Lachitatu, popeza ndinaswera chogwada. Pamwamba pali chizindikiro cha gulu lankhondo, kenako nambala, udindo, dzina, tsiku lomwalira, ndi zaka. Zakazo ndiye zimandilasa: 19, 20, 22. Mng'ono wanga amene akulimbana ndi mayeso ku Zomba ndi wamkulu kuposa ena a iwo. Munsi mwenimweni, pamene matope amathovukira mvula ikagwa, ndi pomwe pali mawu a makolo. Banja linkauzidwa kuti lisapitirire zilembo 66. Tangoganizani mayi wa ku Canada atakhala pa tebulo, akuwerenga zilembo ndi chala, kuchotsa liwu ili, kubwezera ilo, kuti mwana wake akwane m'mizere iwiri. Mwala wa wamkulu wa asilikali ndi wa wamba kukula kwake n'kofanana, palibe woposa mnzake. Kwathu chiliza chimaulula thumba la banja; apa ayi.

Madzulo ake ndinaimbira amayi ku Dedza. Atamva kumene ndinaswera anangoti, "Iwe mwana, wasanduka mdzukulu? Kumanda popanda maliro?" Ndinati, "Amayi, kuno anthu amayendamo ndi agalu, ena amakhala pa benchi n'kumadya sangweji." Sanaseke. Anandifunsa ngati ndinasamba m'manja ndisanalowe m'nyumba. Ndinasamba, inde. Zaka zonsezi ndili kuno, botolo la madzi silichoka kuseri kwa mpando wa galimoto, ndipo anzanga amaganiza kuti ndimachotsa matope basi.

Lachinayi ndinapalamula. Pa chiliza china panali timakobili ndi kamtanda kamtengo kofwifwa, ine n'kuwolera zonse m'thumba la zinyalala poyesa kuti ndikuyeretsa. Kapitawo anandiyitana pambali, osakalipa, nati zimenezo amasiya ndi alendo, ena ochokera kutsidya la nyanja. Ndinakhuthula thumba lonse pa kapinga kufunafuna timakobilito, manyazi atandigwira. Chilizacho ndi cha John Gillespie Magee, mnyamata wobadwira ku Shanghai mu 1922 amene analowa gulu la ndege la Canada. Pa 11 Disembala 1941 ndege yake ya Spitfire inawombana m'mitambo ndi ndege yophunzitsira yochokera ku bwalo la ndege la Cranwell. Anali ndi zaka 19. Anthu amamudziwa chifukwa cha ndakatulo imene analemba miyezi ingapo asanafe, n'chifukwa chake alendo amalunjika pake, oyandikana naye n'kungowadutsa. Sanagwetsedwe ndi mdani. Ambiri m'manda a m'midzi ngati ano anafa choncho, pophunzira, m'chifunga, kapena potera usiku pafupi ndi kwawo kogona.

Ndikubweza timakobilito maganizo anapita kwa agogo awo a bambo anga. Anatengedwa pa nkhondo yoyamba kukasenza katundu wa asilikali, amtengatenga aja, kulowera cha ku Karonga, ndipo sanabwerere. Palibe akudziwa pamene anagona. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lija linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a ku Africa, amene anafa pa nkhondoyo sanalembedwe maina paliponse, ndipo linapepesa. Chipilala cha King's African Rifles ku Zomba ndachiona kambirimbiri, koma dzina la kwathu palibe poti n'kuloza. Sindikwiyira anyamata a ku Scopwick, iwonso anafera kutali ndi amayi awo. Koma ndikamameta udzu mozungulira dzina lozokotedwa bwino chonchi, chinachake chimandikhala pakhosi.

Lachisanu kunacha ndi chisanu choyera pa kapinga, tinadikira mpaka cha m'ma 10 koloko kuti chisungunuke, popeza udzu wouma ndi chisanu ukaupondaponda umathyoka n'kuda. Tinawongola m'mbali mwa bedi la maluwa ndi chingwe, n'kudulira nthambi zakufa. Tikupakira zida, gogo wina wam'mudzimo anabwera ndi thumba la timitanda tamtengo tokhala ndi duwa lofiira la popi, n'kuyamba kuzika kamodzikamodzi kuchokera kumzere woyamba. Mawondo ankamuvuta, ndiye ndinamugwirira thumbalo mpaka anamaliza.