Denon kapena Yamaha: makina amene ndasankha pabalaza panga

Kunyumba kwathu TV ndi imodzi, koma zofuna ndi ziwiri. Ine ndimakonda nyimbo, makamaka reggae ndi rumba. Mayi a kunyumba amakonda mafilimu, ndipo amawaonera usiku ana atagona. Choncho pofuna AV receiver, makina aja olandira mawu kuchokera ku TV ndi dikoda n'kuwagawira masipika, ndinkafuna woti atikwanire tonse. Malinga ndi thumba langa, panatsala awiri: Denon AVR-X1700H wa mu 2021 ndi Yamaha RX-V6A wa mu 2020.

Papepala amafanana kwambiri. Onse amayendetsa masipika 7, onse ali ndi Dolby Atmos ndi DTS:X (njira zomveketsa mawu a filimu kuchokera mbali zonse, ngakhale kumwamba), onse ali ndi polumikizira choimbira malekodi. Wogulitsa wa m'sitolo ina ku Johannesburg, kumene ndinakawamvera, anakakamira pa mawati, muyezo wa mphamvu ya makina. "Bwana, Yamaha ndi 100, Denon ndi 80, nkhani yatha apa," anatero. Koma kusiyana kwa 80 ndi 100 ndi pafupifupi decibel imodzi yokha (decibel ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Ngakhale mutachulukitsa mphamvu kawiri, mumangowonjezera ma decibel 3. Khutu langa silinamve kuti wina akukuwa kuposa mnzake.

Pa nyimbo ndinayika onse pa Pure Direct, pamene makina amasiya zokometsera zonse n'kupereka mawu mmene alili. Kwa ine Yamaha anamveka wowala, gitala wa rumba akuthwanima bwino. Denon anali wofatsa, besi yake yonenepa pang'ono. Ndikanakhala ndikugulira m'sitolo momwemo, ndikanatenga Yamaha.

Koma sindikhala m'sitolo. Muja munali kapeti ndi makatani olemera. Pabalaza panga ku Area 25 pali matailosi, makoma a simenti ndi mawindo akulu awiri. Ukawomba m'manja, mawu amabwerera. Besi imakaunjikana pakona pamene pali mpando wanga, pomwe mayi a kunyumba, atakhala pakati pa sofa, amangoti, "Abambo, akuti chiyani ameneyu? Kwezani." Ukakweza kuti amve zolankhula, galimoto ikaphulika m'filimumo mwana wadzuka.

Apa ndiye panagona nkhani. Makina onsewa amabwera ndi kamaikolofoni koyezera chipinda. Umakaika pamene pamakhala anthu, masipika n'kumalira mmodzimmodzi, makinawo n'kuwerengera kutalika kwa sipika iliyonse ndi mmene makoma akubwezera mawu. Kwa Yamaha zimenezi amati YPAO, kwa Denon amati Audyssey MultEQ XT. Chimene chinandikopa kwa Denon ndi pulogalamu ya pafoni ya Audyssey, yogula padera, imene imakulola kuuza makina kuti akonze besi yokha, mawu apamwamba awasiye. Nditagula Denon, ndinaika malire cha pa 500 Hz, kuti akonze mawu apansi okha. Phokoso la pakona lija linachepa, ndipo nyimbo sizinazimiririke ngati zaphimbidwa ndi bulangete.

Za usiku zinathekanso. Pa Denon, Dynamic Volume imatsitsa zophulika n'kukweza zonong'ona, ndipo Dynamic EQ imabwezera besi imene khutu limataya voliyumu ikakhala pansi. Yamaha nayenso ali ndi zake zofanana nazo, YPAO Volume ndi Adaptive DRC, ndiye sindinganene kuti Denon yekha ndi amene amatha. Kungoti chimene Yamaha amanyadira kwambiri, Cinema DSP, chimawonjezera kamvekedwe ka m'holo yaikulu. Ine holo ndili nayo kale, yomangidwa ndi matailosi. Poimba nyimbo masana Dynamic Volume ndimaizimitsa, chifukwa imachepetsa mphamvu ya ng'oma.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndiitanitse ku America, kumene mtengo umaoneka wotsika. Musayerekeze musanawerenge kumbuyo kwa makinawo. A ku America ndi a 120V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Wa ku Joni amagwirizana ndi magetsi athu, pulagi yokha ndi imene ndinasintha. Ndinagulanso choteteza magetsi akabwera mwamphamvu atazima, ndipo ndinachotsa thabwa la pamwamba pa kabati chifukwa makinawa amatentha mu Okutobala.

Ndalama imene ndinkasungira masipika a kudenga a Atmos ndaiika pa sipika yabwino ya pakati, yokhala pansi pa TV, chifukwa zolankhula zambiri za m'filimu zimatulukira mmenemo. A kudenga adikire chaka chamawa, ngati eni nyumba angalole kuti ndiboole siling'i.