Kulowetsa mjigo mu mWater, kuchokera pa fomu mpaka pa mapu

Kaundula wa mijigo ndi zitsime wa kuno ku Malawi amene ali mu mWater, pulogalamu ya pa foni ndi pa intaneti yolembera malo otungapo madzi, anabadwa mu mgwirizano wa akatswiri ofufuza ndi boma. M'zaka za m'ma 2010, boma la Scotland linapereka ndalama kudzera mu thumba la Climate Justice Fund, ndipo yunivesite ya Strathclyde ya ku Glasgow, motsogozedwa ndi Pulofesa Robert Kalin, inagwira ntchito ndi unduna woona za madzi komanso mabungwe a kuno monga BASEflow ya ku Blantyre. Pulogalamu ya mWater siinapangidwe ndi iwo. Ndi ya bungwe lina losafuna phindu, ndipo aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito mwaulere. Chimene mgwirizanowo unamanga ndi mafomu, ndondomeko yoyendera midzi, maphunziro a ogwira ntchito, ndi kaundula wa malo otungapo madzi oposa 100,000. Ndikufotokoza pano mmene ndimayendetsera ntchitoyi gulu likafuna kuwonjezera kapena kukonza za m'kaundula ngati ameneyu.

Ndisanakhudze foni ndimafuna pangano lolembedwa. Lizinena kuti mwini wake wa zomwe zilembedwe ndani, wovomereza mafomu ndani, ndipo ofufuza akafuna kusindikiza zotsatira apempha kwa yani. Zimaoneka ngati zotayitsa nthawi, koma mu mWater malo aliwonse amakhala pansi pa bungwe limene likuwayang'anira, ndipo ngati bungwelo ndi la polojekiti ya zaka zitatu, tsiku lomwe polojekiti yatha ofesi ya zamadzi ya pakhonsolo imatsala ikungoona mijigo yake pa mapu osatha kusintha kanthu. Choncho pa Portal, tsamba la pa intaneti pomwe timakonzera zonse, ndimaika ofesi ya boma ngati woyang'anira kuyambira tsiku loyamba. Aliyense woyenda m'midzi amakhala ndi akaunti yakeyake. Akaunti imodzi ya anthu asanu imapeputsa ntchito sabata yoyamba, koma fomu ikabwera yolakwika simudziwa woti mumuimbire.

Pa fomu ndi pamene pamakhala mkangano weniweni, ndipo mpake. Ofufuza amafuna mafunso ambiri chifukwa funso lililonse lingadzathandize pa kafukufuku wina. Mlangizi wa zamadzi amene akwere njinga yamoto kukafika pa mijigo isanu ndi itatu pa tsiku amafuna fomu yotha msanga. Ine ndimafunsa funso limodzi pa mzere uliwonse: yankho lake likabwera, ndani adzachitapo chiyani? Likasowa wochitapo kanthu, ndimalichotsa kapena kulisamutsira ku fomu ina ya ofufuza okha, yoyendera mijigo yowerengeka.

Funso lovuta kuposa onse ndi lakuti mjigo ukugwira ntchito kapena ayi. Likangokhala la eya kapena ayi, limanama. Mjigo wotulutsa madzi pang'onopang'ono moti ndowa imodzi imadzadza mayi atatopa, wina aulemba kuti ukugwira. Wina afika mu Marichi pa mjigo umene umauma chaka chilichonse mu Okutobala, naulemba kuti uli bwino. Kafukufuku wa Hidden Crisis, yemwe British Geological Survey inachita ndi anzake a ku Malawi, Uganda ndi Ethiopia, anaonetsa zimenezi poyera. Kuno pafupifupi mijigo itatu mwa inayi inali kutulutsa madzi tsiku lomwe anaiyendera, koma chiwerengero chinatsika atayamba kuyeza ngati ikufika malita 10 pa mphindi, nkutsikanso atafunsa masiku amene inakhala yakufa m'chakacho. Ndiye m'fomu ndimagawa funsoli panayi: kodi madzi akutuluka lero, akutuluka malita angati pa muyeso, mjigo wakhala wosagwira masiku angati m'miyezi 12 yapitayi, ndipo umauma miyezi iti. Pulogalamu ndiyo imaphatikiza mayankhowo nkupereka chigamulo, osati maganizo a wolemba.

Mayina a T/A, a gulupu ndi a midzi ndimawaika pa mndandanda wosankhapo. Mukasiya malo olemba pamanja, mudzi umodzi umabwera ndi kalembedwe kanayi, ndipo pophatikiza ziwerengero umaoneka ngati midzi inayi. Pa manambala ndimaika malire: kuya kwa mjigo kusalole 450 pomwe munthu amafuna kulemba 45, pH, muyeso wa asidi m'madzi, isapyole 14.

Kenako pali chinthu chimene aliyense watsopano ayenera kumvetsa asanatuluke mu ofesi. mWater imasiyanitsa malo ndi ulendo. Mjigo umalembedwa kamodzi ngati Site, ndipo umalandira nambala yake yosasintha. Ulendo uliwonse wokauona ndi fomu yatsopano yomangirizidwa ku nambala imeneyo. Zikatere mjigo umakhala ndi mbiri: unakumbidwa liti, unafa kangati, anakonza chiyani. Wolemba akafika nkupanga Site yatsopano pa mjigo womwe uli kale m'kaundula, mbiriyo imaduka, ndipo mudzi wa mjigo umodzi umaoneka ngati uli ndi iwiri. Zotsatira zake si za pa kompyuta pokha. Popeza mulingo wa boma ndi anthu pafupifupi 250 pa mjigo umodzi, mudzi wa anthu 500 umaoneka wokwanira ndipo umadumphidwa pogawa mijigo yatsopano. Lamulo lathu ndi lakuti munthu ayambe wayang'ana pa mapu malo onse oyandikira, afananize chithunzi ndi nambala yolembedwa pa simenti, ndipo apange Site yatsopano pokhapokha atatsimikiza kuti palibe.

Madzulo oti mawa lake tipita kumudzi, pamalo pomwe pali netiweki yabwino, aliyense amatsegula Surveyor, pulogalamu ya mu foni, nkuonetsetsa kuti fomu yatsopano yalowa komanso kuti malo a dera lomwe akupita atsika mu foni. Kumudzi pulogalamu imagwira popanda intaneti, koma imangoonetsa zimene inatsitsa kale, ndipo mijigo yambiri yolembedwa kawiri imachokera pamenepa. M'chikwama mumalowa pawabanki, ndowa ya malita 20 yokhala ndi zizindikiro za malita, tepi yoyezera, penti, ndi kabuku. GPS ndi kamera zimadya batire kwambiri.

Pamudzi timayambira kwa amfumu, ndipo timapempha kuti pakhale wa komiti ya mjigo, makamaka msungichuma kapena wosamalira mjigo. Nthawi yabwino ndi chakumasana, pamene mzere wa otunga wachepa, chifukwa muyeso wina umafuna kuti mjigo upume.

Wolemba amaima pa mjigo penipeni, osati pansi pa mtengo wa mango pomwe pali mthunzi, nkudikira mpaka foni ionetse kuti kulakwa kwa GPS kwatsika pansi pa mamita 10. Masekondi oyamba foni imapereka malo ongoyerekeza, amene akhoza kuphonya ndi mamita 100 kapena kuposa. Zithunzi ndimafuna zitatu: mjigo wonse ndi simenti yake ndi ngalande, chikwangwani kapena zolembedwa pa simenti, ndi malo ozungulira. Nkhope za anthu zisalowemo.

Mijigo yambiri kuno ndi ya pampu ya mtundu wa Afridev, ndipo miyeso yake iwiri ndi yosavuta. Woyamba ndi wa kuchuluka kwa madzi. Timapopa mpaka madzi ayambe kutuluka mosadukiza, kenako timaika ndowa nkupopa maulendo 40 athunthu, chogwirira chikufika pamwamba ndi pansi, m'mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposerapo. Akatsika pansi pa 10, kawirikawiri U-seal, labala yokankha madzi m'mwamba, yatha, kapena bobini, kalabala kotsekula ndi kutseka njira ya madzi, sikutseka bwino, kapena paipi yang'ambika. Wachiwiri ndi wa kudontha. Timausiya mjigo mphindi 30, nkuwerenga kuti tipopa kangati madzi asanatuluke. Kukapitirira kasanu ndiye kuti madzi akubwerera pansi, mwina pa futuvavu, valavu ya pansi yoletsa madzi kubwerera, pa kalabala kake kozungulira (O-ring), kapena pa mfundo ya mapaipi. Mphindi 30 zimenezo ndi zomwe timagwiritsa ntchito kucheza ndi komiti: ndalama zomwe banja limasonkha pa mwezi, zomwe zili m'thumba, makaniko wa dera amene amabwera, ndi sitolo yomwe amagulako zipangizo. Chogwirira chikamagwedera chammbali kapena kulira, mabushi, timapulasitiki tomwe chimazungulirapo, atha, ndipo akachedwa kusinthidwa chitsulo chimayamba kudya chinzake.

Miyeso iwiriyi ikunena za pampu, osati za madzi a pansi. Ngati madzi ayamba bwino nkumachepa mukapopa kwa nthawi, kapena kutuluka ndi mpweya, vuto lili m'chitsime: madzi akutsika kupyola silinda, chigawo cha pansi cha pampu chokoka madzi. Kusintha U-seal pamenepo nkutaya ndalama za komiti, ndipo fomu iyenera kukhala ndi malo osiyanitsira zinthu ziwirizi.

Ndi tepi timayeza mtunda wofika ku chimbudzi choyandikira, khola, dzala kapena manda, ndipo timalemba ngati zili kumtunda kapena kumunsi kwa mjigo. Chimbudzi chosafika mamita 30 timachiika chizindikiro. Ofufuza a mumgwirizano uja analimbikira kuti zimbudzi nazo zilembedwe pa mapu, ndipo ndikuona kuti anali ndi mfundo, chifukwa mjigo umakumbidwa patchire koma patapita zaka khumi mudzi umakhala utauzungulira.

Pomwe pali zida zoyezera madzi, mita ya EC, yoyeza mmene madzi amadutsitsira magetsi, imayesedwa m'mawa uliwonse ndi madzi ake a 1413 µS/cm, ndipo ya pH ndi a 4 ndi a 7. Mita yosayesedwa imapereka manambala ooneka bwino koma abodza, ndipo palibe pulogalamu ingawazindikire. EC yokwera imasonyeza mchere, vuto lodziwika ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe mjigo umatha kukhala wamoyo koma anthu nkumatunga kumtsinje. pH yotsika pansi pa 6.5 imadya marodi a pampu a chitsulo wamba, ndipo chizindikiro chake ndi madzi ofiira m'mawa. Pa fluoride, mchere woononga mano ukachuluka, ndimalemba nambala yeniyeni, osati kuti wapambana kapena walephera, chifukwa mulingo wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi 1.5 mg/L pomwe wa Malawi wa mijigo ndi zitsime, MS 733, ndi wokwera kuposa pamenepo. Madzi okayeza tizilombo amalowa m'botolo losamalidwa bwino, m'bokosi lozizira, ndipo afike koyezera pasanathe maola asanu ndi limodzi.

Tisanachoke timalemba nambala ya mWater ndi penti pa simenti.

Madzulo aliyense amatumiza mafomu ake ndipo amadikira mpaka zithunzi zonse zitapita, chifukwa mawu amapita msanga koma zithunzi zimatsalira netiweki ikafooka. Munthu asafufute pulogalamu kapena kuyeretsa foni zisanapite, apo ayi ntchito ya tsiku lonse yatayika. Fomu ikafika imakhala pa Pending, kutanthauza yodikira, mpaka wovomereza aione. Ndimaziona tsiku lomwelo, gulu likadali m'deralo. Ndimayang'ana ngati kadontho ka mjigo pa mapu kagwera m'mudzi wotchulidwa, ngati chithunzi chikugwirizana ndi mtundu wa pampu, ndiponso nthawi imene fomu inatenga. Fomu yokhala ndi muyeso wa mphindi 30 koma yatha m'mphindi zisanu ndi chimodzi imabwerera kwa mwini wake ndi chifukwa cholembedwa.

Zolembedwa zakale za okumba mijigo zimalowa kudzera pa Excel, ndipo apa ndimayenda pang'onopang'ono. Malawi ali kummwera kwa equator, choncho latitude yake imayamba ndi chizindikiro chochotsera, pakati pa -9 ndi -17, pomwe longitude ili pakati pa 32 ndi 36. Chizindikirocho chikaiwalika, mjigo wa ku Dowa umakaonekera ku Sudan. Mapu akale a boma anagwiritsa ntchito njira yoyezera malo ya Arc 1950 pomwe foni imagwiritsa WGS 84, ndipo kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 300, kokwanira kuti mjigo umodzi uoneke ngati iwiri. Ndimasintha manambalawo mu pulogalamu ya mapu ya QGIS kaye, nkuyesa mizere 20 yokha, ndikaona kuti yagwera pamalo pake ndiye ndimalowetsa yonse.

Pa Portal, mapu ndi matebulo amadzisintha okha fomu ikavomerezedwa. Ku khonsolo sindipereka zambiri: mapu a mijigo yakufa, mndandanda wa yomwe ikufuna zipangizo zotsika mtengo, ndi midzi yomwe ili kutali kuposa mamita 500 ndi madzi abwino. Namondwe Idai atasefukitsa madzi kummwera mu Marichi 2019, kaundula ameneyu anathandiza kudziwa mijigo imene inali m'madera omizidwa, yoyenera kuyezedwa ndi kuthiridwa klorini.

Kaundula amakalamba msanga. Mjigo wolembedwa kuti uli bwino chaka chatha ukhoza kukhala utafa miyezi itatu, ndipo mapu amaonetsabe mtundu wobiriwira. Nchifukwa chake pa mapu aliwonse ndimaonetsa tsiku lomwe mjigo unayenderedwa komaliza, ndipo wopitirira miyezi 12 umasintha mtundu kukhala wotuwa. Ndimapanganso fomu yaifupi ya mafunso asanu, yoti makaniko wa dera kapena mlangizi wa zaumoyo adzaze m'mphindi zitatu akadutsa pa mjigo. Polojekiti isanatseke, anthu awiri a ku ofesi ya zamadzi amapatsidwa udindo wa woyang'anira, amasintha fomu ndi kuwonjezera wolemba watsopano okha ine ndikungoonerera, ndipo ndalama za bandulo, mafuta a njinga ndi kusintha mafoni owonongeka zimalembedwa mu bajeti ya khonsolo ya chaka chotsatira.