Malikisi 97 ndi nkhuni za Arthur Morgan

Loweruka lina masana, m'mwezi wa Novembala chaka cha 2022, mayi anga anabwera kudzationa kuno ku Nchalo kuchokera kumudzi kwathu kufupi ndi Ngabu, ndipo anandipeza nditakhala pamkeka, maso ali pa kanema, padi yosewerera gemu ili m'manja. Titalonjerana n'kumva za kumudzi, ndinapempha kuti andilole ndimalize pang'ono zomwe ndinkachita, popeza magetsi anali atangoyaka kumene ndipo panalibe wodziwa kuti akhala nthawi yotalika bwanji. Iwo anakhala pampando n'kumaonerera mwakachetechete bambo wachipewa chachikulu amene ankayenda mwaulesi pakati pa matenti, kutola nkhwangwa, kuimika chipika, kuchiwaza, kenaka kutola china. Atawaza chipika chachitatu, mayi analephera kupirira.

"Mwana wanga, kodi mzunguyu akuwaza nkhuni za yani?"

Ndinawafotokozera kuti nkhunizo ndi za pamsasa pomwe iye amakhala ndi anzake, ndipo amene ndikumuwazitsa ndine. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Iwe amene unkabisala m'munda wa mapira ukaona nkhwangwa, lero wataya ndalama kugula makina oti uziwaza nkhuni zoti palibe angaphikire?"

Gemu imene ndinkasewerayo ndi Red Dead Redemption 2, imene inatuluka mu Okutobala 2018, ndipo bambo wa nkhwangwayo ndi Arthur Morgan, mmodzi wa gulu la achifwamba amene akuthawa apolisi ku America m'chaka cha 1899. Chimene chinandikopa kuti ndiigule ndi nambala imodzi yokha. Pa tsamba la Metacritic, limene limasonkhanitsa malikisi operekedwa ndi manyuzipepala ndi magazini ambiri n'kupeza chiwerengero chimodzi pa 100, gemuyi inapatsidwa 97. Ine ndine mphunzitsi, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuchonga zimangirizo za ana a Fomu 4 sindinaperekepo malikisi otero kwa aliyense. Kwa ine 97 imatanthauza ntchito imene wochonga waifufuza ndi cholembera chofiira kuyambira mutu mpaka mzere womaliza n'kusowa poti alembe. Choncho msuweni wanga wokhala ku Johannesburg atandiuza kuti angandipezere ya kaunjika, sindinazengereze, ngakhale kuti ndalama imene ndinamutumizira ikanakwana kugula mbuzi pamsika wa Ngabu.

Inafika m'kabokosi ka madisiki awiri, ndipo inafuna malo okwana pafupifupi magigabaiti 100, moti ndinafufuta magemu ena amene ndinkawakonda kuti iyo ilowe mu PlayStation 4, makina anga osewerera magemu. Usiku woyamba wonse unathera pa kudikira.

Ndisanadandaule, ndiyenera kunena zoona zake kuti kukongola kwa gemuyi si kwabodza. Pali dera lina la madambo kummwera kwa dziko lake, kumene ng'ona zimagona pamatope ndipo akakowa amauluka munthu akayandikira, ndipo tsiku loyamba kufikako ndinaimitsa kavalo n'kungoyang'ana, chifukwa ndinakumbukira ulendo wa pabwato umene ndinayenda ndi malemu bambo anga ku Elephant Marsh ndili mwana. Nkhungu ya m'mawa pamwamba pa madzi, kulira kwa achule, ndi momwe ng'ona imatsetserekera m'madzi popanda phokoso, zonsezo anazijambula ngati anthu amene anaziona ndi maso awo. Pa zimenezo sindingawachotsere ngakhale theka la malikisi.

Vuto langa linayamba ndi nthawi. Chigawo choyamba cha nkhaniyi chimachitikira m'mapiri a chipale, ndipo kwa maola angapo wosewera amangotsatira anzake pambuyo, kavalo akumira m'chipalecho mpaka m'mawondo, anthu akukambirana nkhani zazitali m'Chingerezi cha kumidzi ya ku America chimene ndinkachimva pokhapokha nditawerenga mawu olembedwa pansi pa kanema. Ndinadzilimbitsa mtima kuti poyamba pamavuta. Koma titatsika m'mapirimo ndinapeza kuti kuchedwako ndiye khalidwe lenileni la gemu yonse. Arthur akalowa m'nyumba kuti asake zinthu, amatsegula dirowa imodziimodzi n'kutola chinthu chimodzichimodzi. Akapha nyama amagwada n'kuisenda, ndipo wosewera amaonerera mpeni ukuyenda. Akafika pamsasa saloledwa kuthamanga, amayenda ngati munthu wopita kumaliro. Kavalo amafuna kupesedwa ndi kudyetsedwa, mfuti imafuna kupukutidwa, ndipo pamsasapo pali ntchito zonyamula udzu wa akavalo, matumba ndi ndowa za madzi. N'zoona kuti ntchito za pamsasazo wosewera akhoza kuzilumpha, koma olemba ndemanga ambiri anatamanda zinthu zamtunduwu kuti n'zimene zimapatsa dziko la gemuyi moyo weniweni, ndipo ine ndinkazichita pofuna kupeza chimene iwo anapezamo.

Funso la mayi anga ndilo linandionetsa chifukwa chake sindinachipeze. Munthu amene anakulira mumzinda waukulu, amene nyama amaiona itadulidwa kale m'sitolo ndipo madzi amatuluka pampopi wa m'nyumba, akaona Arthur akusenda gwape amaona chinthu chachilendo chimene dzanja lake silinakhudzepo, ndipo kuchedwa kwa ntchitoyo kumamupatsa mpumulo. Ine ndinakulira kubusa. Ndasenda mbuzi pa Khirisimasi iliyonse kuyambira ndili ndi zaka 12, ndatunga madzi pamjigo, ndayenda pangolo ya ng'ombe kuchokera kumunda wa thonje dzuwa lili paliwombo, ndipo ndikudziwa kuti ulendo wapang'onopang'ono ulibe ndakatulo iliyonse fumbi likakhala m'kamwa. Zimene wolemba ndemanga wa ku London anazitcha luso, kwa ine zinali ntchito za pakhomo zomwe ndinathera zaka zambiri kusukulu kuti ndizithawe.

Chinanso chimene chinandikhumudwitsa kwambiri n'chakuti dziko lalikulu lija, limene limaoneka ngati munthu angapite kulikonse kumene wafuna, limasanduka kanjira kopapatiza nkhani ikangoyamba. Pa ntchito ina yozembera adani ndinaganiza zozungulira kuseri kwa nyumba kuti ndiwatulukire kumbuyo, monga angachitire aliyense amene anasakapo mbewa ndi anzake, koma nditangopatuka pang'ono kanema anandiuza kuti ndalephera chifukwa ndasiya anzanga. Ndinabwereza, n'kuima pamene gemu inkafuna kuti ndiime, n'kuwombera pamene inandiuza kuti ndiwombere, ndipo ndinapambana. Mwana wa sukulu amene amangokopera zomwe mphunzitsi walemba pabolodi sitimuwerengera kuti waganiza, ndipo inenso madzulo amenewo sindinamve kuti ndasewera.

Onjezani pamenepo nkhani ya magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira, pamtsinje wa Shire m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka chaka cha 2023. Miyezi imeneyo ndiyo imene ine ndinkalimbana ndi Arthur Morgan. Gemuyi silola kusunga pamene wafika uli pakati pa ntchito ya m'nkhani, choncho ukakwera kavalo kwa mphindi zambiri kumvetsera zokamba za mnzako, n'kufika pamalo a nkhondo, magetsi n'kuthima, mawa lake umayambiranso ulendo womwewo ndi zokamba zomwezo. Pali ulendo wina umene ndinauyenda kanayi, moti ndinaloweza mawu a wokwera mnzangayo ngati ndime ya pamtima ya ku Sande sukulu. Magetsi akakhalapo, kutentha kunkalowa m'malo mwake. Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chopemerera mphepo cha m'kati mwa makinawo chinkalira ngati chigayo, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati sichipsa. Ndinkachita kuwaika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi.

Sindikunena kuti opanga gemu anayenera kuganizira za Kapichira. Ndikunena kuti nambala ija inachokera kwa anthu amene nthawi yawo yosewera ndi ntchito yolipidwa, amene kawirikawiri gemu amaipatsidwa ulere isanatuluke, ndipo amasewera m'chipinda chozizira magetsi osaphethira. Gemu yomwaza maola mosaumira imawakomera chifukwa maolawo ali nawo. Ine ora limodzi ndimachita kulanda pakati pa kuchonga makope, kwaya ya Lachinayi ndi ndandanda ya kuthima kwa magetsi, ndipo ndikalipeza ndimafuna kuti lindibwezere kanthu. Kusiyana kwa wochonga ndi wogula kunaonekera poyera pa nkhani ya Cyberpunk 2077, imene inatuluka mu Disembala 2020. Ndemanga zoyamba zinalembedwa ndi anthu amene anaisewera pa kompyuta, ndipo malikisi ake anayandikira 90, pomwe pa PlayStation 4, makina amene ambiri a ife tinali nawo, inkayenda movutika kwambiri moti malikisi ake sanafike ngakhale 60, ndipo Sony, kampani yopanga PlayStation, inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti mwezi womwewo mpaka Juni 2021. Dzina linali limodzi, koma wolemba ndemanga ndi wogula wamba anali ndi zinthu ziwiri zosiyana m'manja.

Wina angaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu, koma chaka chotsatira ndinagwanso mumsampha womwewo. Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira ku Blantyre, anabwera patchuthi ndi Elden Ring, gemu ya mu Febuluwale 2022 imene inapatsidwa 96 ndipo inasankhidwa kukhala gemu yopambana ya chaka chimenecho pa mwambo wa The Game Awards. "Amalume, iyi ndiye simuisiya," anatero. Nditangotuluka m'phanga loyambira ndinakumana ndi msilikali wovala zagolide atakwera kavalo, ndipo anandipha ndisanadziwe batani lodzitetezera. Ndinamuzemba, n'kukafika kwa Margit, mlonda wa njira yolowera kulinga la Stormveil, ndipo kumeneko ndinafa kambirimbiri mpaka ndinasiya kuwerenga. Gemuyi ilibe batani wamba loimitsira, choncho mwana akalira kapena mlendo akaodira pakhomo, umasankha pakati pa ulemu ndi moyo wa munthu wako. Kwathu kuno mlendo sadikira pakhomo chifukwa cha chiwanda cha pa kanema.

Komabe pa gemu iyi sindikhala wolimba pakamwa monga pa ija ya akavalo. Ndinamuonerera mnyamatayo akusewera, ndipo ndinaona kuti iye amawerenga kayendedwe ka mdani monga mmene ankhoswe amawerengera nkhope pa mlandu, kudikira, kubwerera, kenaka kulowa pa mpata umene ine sindinkauona n'komwe. Atamugwetsa Margit anadumpha n'kukuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anauwa. Chimwemwe chimenecho chinali chenicheni, ndipo chinagulidwa ndi masabata atatu a tchuthi amene munthu wa msinkhu wanga sadzakhalanso nawo. Mwina 96 ija ndi yoona kwa iye. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chonena za magemu otere ngati kuti amene sanakondwere nawo ndi wosazindikira, chifukwa ndikadandaula m'gulu lathu la pa WhatsApp, yankho limene ndimalandira n'lakuti ndipirire, ikoma ndikadutsa maola 20 oyambirira. Palibe amene angadye nsima yosapsa mbale zitatu chifukwa wophika walonjeza kuti yachinayi idzapsa.

Ndikadutsa pamsika wa Nchalo kapena pa Dyeratu madzulo, ndimaima pakhomo pa tinyumba ta magemu timene anyamata amalipira kuti asewere mpira. Mmenemo palibe amene anamvapo za Metacritic. Masewero amodzi amatha m'mphindi 10, wogonja amapereka padi kwa wotsatira, ndipo phokoso limene limatuluka mmenemo wina akagoletsa chigoli pa mphindi yomaliza sindinalimvepo m'nyumba mwanga pa miyezi yonse ya Arthur Morgan. Sindikufuna kunamizira kuti ochonga amalakwitsa nthawi zonse, chifukwa Grand Theft Auto: San Andreas ya 2004, imene tinkaisewera pa PlayStation 2 mpaka disiki kukalikakalika, nayonso inapatsidwa malikisi apamwamba, ndipo inachokera kwa kampani yomweyo imene inapanga gemu ya akavaloyi. Koma ija inkakupatsa njinga m'mphindi zoyambirira n'kukusiya kuti uzipita, ndipo ngakhale magetsi akanathima patatha theka la ora, unkakhala utaseka kale.

Red Dead Redemption 2 sindinaimalize. Ndinaisiya pa chigawo chachinayi, gulu lija litafika kufupi ndi mzinda wa Saint Denis, ndipo madisiki onse awiri ndinamupatsa mwana wa mlongo wanga uja, amene anandiimbira foni patapita miyezi iwiri kundiuza kuti mapeto ake anamuliza misozi. Ndinamukhulupirira, ndipo ndinamupempha kuti angondifotokozera momwe zinathera, zimene anachita m'mphindi zisanu. Mayi anga atabweranso pa Pasaka anayang'ana pa kanema, n'kuona kuti pali mpira, ndipo anafunsa ngati mzungu uja anamaliza kuwaza nkhuni zake. Ndinawauza kuti anasamukira ku Blantyre.