Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mwana Wamanzere ndi Pakamwa Panga

Ndabweranso abale anga. Pepani kuti ndakhala duu masabata atatu. Gawo ili ndalilemba kawiri konse n'kufufuta. Zikomo nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitali, makamaka achemwali a ku Leeds aja amene akuti misozi inawatuluka powerenga za maliro a bambo anga, omwe ndinangowaonera pa foni. Koma inu achimwene amene mukuti ndikupeka nkhani, ati mzungu sangalembe Mmalawi ntchito ya baseball, mpira wa ku America woti kwathu sitiudziwa, kawerengeninso gawo 11 modekha. Sindinanenepo kuti ndinali scout, munthu wosakira timu osewera atsopano. Ine ndinali dalaivala, wonyamula mpando, ambulera ndi kachikwama ka mankhwala a shuga. Scout anali Madala, mzungu wachikulire amene ndinkamuyendetsa.

Mukukumbukira kuti Madala ndinawadziwa pamene ndinkasamalira akazi awo ku Arlington, ku Texas. Mayi aja atatisiya, ana awo anandipempha kuti ndiziyendetsa bambo awo, poti maso anali atayamba kuwavuta pamsewu usiku. Zinkandiseketsa kuti munthu wolephera kuwerenga chikwangwani cha pamsewu ankatha kuona chala cha mwana chikuterereka pa mpira ali kuseri kwa waya. Chaka cha 2018 ndi 2019 zinathera pa misewu ikuluikulu ya I-35 ndi I-20, kudya masangweji a pa filing'i siteshoni.

Kwa amene mwatipeza panjira, ntchito yake inali yotere. Matimu 30 a Major League Baseball chaka chilichonse amagawana anyamata atsopano mosinthana, pa mwambo umene amautcha draft, womwe unayamba mu 1965. Ena amatengedwa ku koleji, ena akangomaliza sekondale ali ndi zaka 17 kapena 18. Timu iliyonse ili ndi anthu ake oyendayenda, aliyense ndi dera lake, ndipo Madala dera lawo linali kumpoto kwa Texas ndi Oklahoma. Iwo akamukonda mwana ankalemba lipoti, kenako kunkabwera bwana wina wotchedwa crosschecker kudzamuyerekeza ndi ana a m'madera ena, ndiye pamwamba pake mkulu wa ma scout onse.

Tsiku loyamba kuwaona akugwira ntchito ndinakumbuka ku okushoni ku Kanengo, kumene ndinkaperekeza bambo anga ndili mnyamata. Ogula fodya akuyenda pamzere wa mabelo, kukhudza tsamba, kununkhiza, kulemba nambala, osayang'ana n'komwe mlimi amene wathera chaka m'munda. Kuno mabelo ake ndi ana a anthu, ndipo alimi ake amakhala pabenchi pomwepo atavala zipewa za sukulu, kuyesa kuwerenga nkhope za ogula.

Magiredi ake amayambira pa 20 kulekeza pa 80, ndipo 50 ndiye msinkhu wa wosewera wamba wa mu ligi yaikulu. Kwa mwana amene si woponya, amaona zinthu zisanu: kumenya mpira, mphamvu yomenyera kutali, liwiro, kuwakha, ndi mkono. Pa chilichonse Madala ankalemba manambala awiri, ya lero ndi ya zaka zisanu zikubwerazo. Ankandiuza kuti ya lero aliyense wokhala ndi wotchi akhoza kulemba, koma yachiwiriyo ndiye amalandirira malipiro. Wotchiyo pang'ono ndi pang'ono inakhala m'manja mwanga. Womenya ndi dzanja lamanja akafika pa base yoyamba, malo oyamba amene amathamangira akamenya mpira, m'masekondi 4.3, ameneyo ndi 50. Wowakha amene amakhala kumbuyo kwa womenya akalandira mpira n'kuufikitsa pa base yachiwiri m'masekondi awiri, ali bwino. Woponya akafika mamailosi 90 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 145, timfuti toyezera liwiro tonse timadzuka kuseri kwa waya ngati mbewa zamva moto.

Koma Madala manambala sankawakhulupirira kwambiri. Tinkafika pabwalo maola awiri masewero asanayambe, kuti aone mmene mwana akutsikira m'basi, ngati akunyamula yekha chikwama, ndiponso mmene akuyankhira mphunzitsi wake. Ankandituma kukafufuza kuti bambo a mwanayo ndi ati, chifukwa mapewa a bambo amanena za thupi limene mwana adzakhale nalo. Ankafunsa mwezi wobadwa, poti wa zaka 19 akamagonjetsa anzake a 17 sizidabwitsa. Ndipo ndodo yachitsulo ya ku sekondale ankadana nayo kwabasi. Imauluza mpira ngakhale mwana waumenya molakwika, pomwe ku ligi ndodo ndi yamtengo, ukaphonya pakati imathyokera m'manja. Ndinawaphunzitsa mwambi wathu uja wa chikomekome cha mkuyu, ndipo anaulemba pachikuto cha kabuku kawo, molakwitsa masipelo.

Nkhani zawo za m'galimoto zinali zomwezomwezo. Clayton Kershaw wa ku Highland Park, ku Dallas komweko, amene timu ya Dodgers inamutenga pa nambala 7 mu 2006. Mike Trout wa ku Millville, New Jersey, amene mu 2009 anadikira mpaka nambala 25, mwa zina chifukwa kwawo n'kozizira ndipo ana a kumeneko sasewera miyezi yambiri ngati a ku Texas kapena Florida. Ikafika nkhani ya oponya, mawu ankatsika. Brien Taylor, woyamba kutengedwa mu 1991, Yankees inamupatsa madola 1.55 miliyoni, anavulala phewa pa ndewu mu 1993 ndipo ligi yaikulu sanaipondemo. Brady Aiken, woyamba mu 2014, Astros inakayikira chigongono chake, sanasainirane, ndipo chaka chotsatira anamuchita opaleshoni. Mu 2019 ndinadzionera ndekha chikhamu cha ma scout ku Colleyville, kumene kunali Bobby Witt Jr., yemwe Royals inamutenga pa nambala 2. Madala anangokhalako pang'ono n'kuti tiyeni, mwana amene aliyense akumuona safuna nkhalamba ngati ine.

Anthu amene ankawasaka ndi ana oti palibe akuwaona. Masiku ano mwana amatchuka kudzera m'mipikisano yolipira, monga ya Perfect Game, kumene makina amayeza chilichonse mpaka kuzungulira kwa mpira. Koma kulowa kumeneko, ulendo ndi hotelo, zimafuna ndalama zimene mayi wotsuka mbale alibe.

Wamanzere, mnyamata woponya ndi dzanja lamanzere, tinamupeza mu February 2020, m'katauni kena kummwera kwa Dallas kamene sindikatchula. Tinapitira mwana wina wa timu yobwera, koma amene anatigwira mtima ndi woponya wa eni bwalo. Wamtali, woonda ngati nsungwi, buluku likulekeza pamwamba pa akakolo. Kamfuti kanawerenga 87, kenako 88. Si zodabwitsa zimenezo. Koma mkono wake unkayenda mofewa ngati akuponya mwala padziwe, ndipo mpira wake wokhota unkagwa mwadzidzidzi pamaso pa womenya. Ndinaona Madala akuvula chipewa n'kuchivalanso, chizindikiro chimene ndinali nditachidziwa. Scout wina panalibe. Tinabwererako katatu.

Lipoti ndinalilemba ndine pa kompyuta, iwo akunena, chifukwa zala zawo zinkanjenjemera. Mpira wothamanga 40 lero, 55 m'tsogolo. Wokhota 45 lero, 60 m'tsogolo. Atengedwe pakati pa raundi 12 ndi 15. Nthawi imeneyo draft inali ndi maraundi 40, kutanthauza maulendo 40 oti matimu asankhe mosinthana, ndipo kupitirira raundi 10 timu inkatha kupatsa mwana mpaka madola 125,000 popanda kukhudza thumba limene ligi imaiyikira malire. Madala analemba kuti mwanayu ndalama imeneyo angailandire, poti sukulu yaikulu inali isanamuitane. Crosschecker anati abwera kumapeto kwa March.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazemba.

Pa ulendo wachitatu, Madala ali kokacheza ndi mphunzitsi, ine ndinali pagalimoto kupinda mpando. Mayi ake a mnyamatayo anabwera. Ndinkawadziwa kale ndi maso: ankafika mochedwa atavala yunifolomu ya kukhitchini ya sukulu, n'kuchoka masewero asanathe kuthamangira ntchito yausiku yokolopa m'maofesi. Kuseri kwa waya kuja munthu wakuda ndinali ndekha, ndiye mwina n'chifukwa chake anasankha ine. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, mchimwene wanga, inu mumamva zimene akuluakuluwa amakamba, ndiuzeni zoona, mwana wangayu alipo kapena tikungotaya nthawi?

Lamulo ndinkalidziwa. Madala anandiuza tsiku loyamba kuti zimene zili mu lipoti sizituluka m'galimoto. Ena mwa inu mudzati ndinkafuna kutchuka, kuoneka ngati ndine munthu wofunika. Mwina pang'ono, sindikana. Koma chimene ndinaona ndi manja awo, osweka ndi sopo ngati a mayi anga, ndipo kwathu munthu akakufunsa choncho sumuyankha kuti sindikudziwa pomwe ukudziwa. Ndinawauza zonse. Raundi, ndalama, tsiku lobwera bwana. Sindinanene kuti mwina. Ndinati mayi, konzekani, June uno moyo wanu usintha.

Anakhala pansi pa simenti pomwepo n'kuphimba nkhope ndi epuloni. Ine ndinabwerera ku Arlington mtima uli mbee, ngati ndachita chinthu cha Mulungu.

Pasanathe masabata awiri, corona inatseka chilichonse. Masewero a m'sukulu anaima, ma scout anauzidwa kuti akhale pakhomo, crosschecker sanabwere. Kenako tinamva kuti draft ya chaka chimenecho aidula kuchoka pa maraundi 40 kufika pa asanu okha, anyamata 160 basi, ndipo wotsala aliyense sangapatsidwe zoposa madola 20,000. Madala anaimba mafoni mpaka mawu kusasa. Koma ndani angaike dzina lake pa mwana amene wamuona munthu mmodzi yekha, nkhalamba ya maso ofooka, wopanda kanema, wopanda manambala a makina?

Draft inachitika pa 10 ndi 11 June. Usiku wachiwiriwo foni yanga inalira kasanu ndi kamodzi. Ndinali nditakhala pamphepete pa bedi, ndikuiyang'ana ikuwala n'kuzima, kuwala n'kuzima. Sindinayankhe. Ndalemba zambiri zochititsa manyazi mu mbiri ino, za ngongole ya alamu anga, za mowa wa ku South Bend, koma palibe chimene chimandiwawa ngati kulira kwa foni imeneyo. Mkazi wanga anandifunsa kuti akuimbayo ndani, ndinati ndi anthu otsatsa inshuwalansi.

Ndinapita kwa mayi aja patatha mwezi, ndekha, Madala osadziwa. Pakhomo panali galimoto yatsopano. Anaitenga pangongole sabata yomwe ndinawauza ija, kuti mwana asamavutike mayendedwe, ndipo ntchito yausiku anali ataisiya kuti azionerera masewero ake omaliza, omwe sanachitike n'komwe. Atafuna kubwerera, maofesi anali otseka. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anandipatsa mpando pakhonde, patali chifukwa cha matenda aja, n'kundibweretsera madzi ozizira. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinanama. Ndinati ayi mayi, zonse zinali papepala. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye pepalalo linali la ndani, poti ife silinatithandize. Mnyamatayo anali m'nyumba, ndinkamuona pawindo, koma sanatuluke. Madzi aja ndinalephera kuwameza. Ndinakhala ndi kapu m'manja mpaka ayezi yense kusungunuka.

Madala ndinawaululira tikuchokera ku chipatala cha maso. Anakhala chete msewu wonse. Titafika pageti anati, iwe ukuganiza kuti ine sindifuna kuwauza? Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona amayi amenewa. Kenako anatsika okha, kukana dzanja langa. Sanandichotse ntchito, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Mu October timu yawo inawaimbira foni ya mphindi zochepa kuwauza kuti kontirakiti yatha, monga zinachitikira ma scout ambiri chaka chimenecho.

Kwa amene mufunse za Wamanzere: anapita ku koleji ya zaka ziwiri, kumene munthu amaloledwa kulowanso draft pakangotha chaka, kusiyana ndi yunivesite kumene amadikira zaka zitatu. Thupi linadzaza monga ananenera Madala, ndipo anafika 93. Kenako mtsempha wa m'chigongono unaduka, anamuchita opaleshoni yokonza mtsemphawo, yotchedwa Tommy John, ndipo liwiro silinabwererenso. Draft nayo sinabwerere pa 40, kuyambira 2021 ili ndi maraundi 20. Pano amagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu. Galimoto ija anabwera kudzailanda chaka chisanathe.

Alamu anga, ndikudziwa mukuwerenga ngakhale simulemba kanthu. Munkafunsa kumene kunkapita madola 150 mwezi uliwonse mu 2021, mpaka kukauza achemwali anu kuti ndili ndi mkazi wina ku Waco. Ndi kumeneko. Mayi aja anabweza kawiri, kachitatu analandira.

Gawo lotsatira ndi la ulendo womaliza ndi Madala ku Oklahoma, ndi mmene kabuku kawo kanapezekera m'sutikesi yanga.